Mamita Khumi ndi Atatu

Buku likuti waya akhale mamita makumi awiri,
khumi uku, khumi uko, chingwe chotsikira m'nyumba pakati.
Amene analemba bukulo sanachitepo lendi pa Lizulu.
Ine ndayeza ndi tepi ya telala:
kuchokera pa mtengo wa mapeyala kukafika pa mlongoti wa bulugamu,
mamita khumi ndi atatu, basi.
Kupitirira apo ndi khola la nkhumba la a Nangozo,
mbali inayo ndi msewu wa tala,
ndipo ukaoloka msewuwo wafika ku Mozambiki.
Sindingakamange waya wanga m'dziko la eni.

Ndiye ndamudula.
Ndasolola kopa m'mota ya chigayo imene inapsa chaka chatha,
ndamukulunga pa paipi ya madzi,
mizere makumi awiri ndi isanu ndi iwiri, ndikuwerenga mokweza,
Tobiyasi akundisokoneza ndi mitengo ya kachewere.
Koyilo imodzi dzanja ili, ina dzanja ilo,
kunamiza wailesi kuti bwalo langa ndi lalikulu.

Wailesi siinamizika msanga.
Iyo imafuna maomu makumi asanu,
waya wofupika akupereka osakwana makumi awiri,
ndipo awiriwa akapanda kumvana
mawu amene ndatumiza amabwerera ndi chingwe chomwecho
ngati thumba la kabichi lokanidwa pa lole,
kudzatenthetsa chitsulo kumbuyo kwa wailesi.
Singano ya mita imaima njo pofiira.
Ndimaidziwa singano imeneyi.
Ndinaiona pankhope ya mlamu wanga
tsiku limene ndinamuuza mtengo wa laisensi.

Tsitsa, Tobiyasi. Dula chala chimodzi mbali zonse.
Kweza.
Tsitsanso.
Zingwe zamuchekacheka m'manja, akuti ndimugulire chipisi.
Ulendo wachisanu ndinadula mopitirira,
ndipo waya saphukira ngati nkhwani.
Ndinaphatikiza kachidutswa ndi mtovu, ndikudzitukwana chamumtima.

Pakati penipeni ndaika mphete yakuda
yochokera m'kanema wakufa,
yokulungidwa kawiri, mizere yambiri uku, yochepa uko.
Imeneyi ndiyo nkhoswe.
Ilibe mawu akeake,
imangolandira za uyu
n'kuzipereka mmene winayo angazimezere.

Singano yagona.

Koma khomo lake n'lopapatiza.
Ndikapotokola batani pang'ono, yadzuka.
Nkhungu ikatsika m'phiri n'kunyowetsa makoyilo, yadzuka.
Lachiwiri a Nangozo anayanikapo chitenje chonyowa
ndipo dziko lonse linatsekeka mpaka chinauma.
Anati, chingwe chabwino chotere chizingokhala?

Usiku uno magetsi azima, ndalumikiza batire ya galimoto.
Kukuzizira, mwezi wa Juni,
malole akulira potsetsereka kupita ku Ntcheu.
Ndikuitana, ndikutchula zilembo zanga chimodzichimodzi,
ndikusiya batani. Phokoso ngati mvula pa malata.
Gawo lina la mphamvu yanga likuthera m'makoyilo, ndikudziwa,
umo ndimo waya wamfupi amalipirira msonkho.
Chotsalacho chikukwera kumwamba.
Mumtima ndikuganiza za Japani, za Brazil,
za khadi lokhala ndi sitampa yachilendo lodzafika pa positi.

Ndiitananso.

Ndiye pansi pa phokosolo, munthu akutsokomola.
Wabwereza zilembo zanga, walakwitsa chimodzi, wakonza.
Akuyamba m'Chipwitikizi, akusiya,
kenako m'Chichewa cha tsidya lija la msewu:
Ndakumvani achimwene, koma pang'ono.
Ndili pa Ulongwe. Dzina langa Anastasiyo.
Waya wanu ndi wotani?

Ulongwe! Pamene njinga yamoto imafika
tiyi asanazizire m'fulasiki.
Tobiyasi wagwa pampando ndi phwete.

Ndasindikiza batani.
Wamfupi, ndatero, mamita khumi ndi atatu.
Kwakhala chete pang'ono, kenako kuseka.
Wanga khumi ndi limodzi, akutero,
mbali imodzi ndamanga ku chimbudzi cha apongozi.
Tandiuzani, mwakulunga mizere ingati?