Kamunga Kachisanu ndi Chinayi

Ndidakapeza Lachiwiri, mvula ikuwaza,
m'kasitolo ka nsomba zoweta ka a Thackray
pa msewu wa Holderness, muno mu Hull,
momwe ndimangolowa kuti zala zifundeko.
Kanali m'thanki yakumapeto,
thupi lonse mumchenga, kunja mphuno yokha,
ndevu zikupapasa
ngati munthu wofuna machesi magetsi atazima.
Mtengo: mapaundi atatu ndi theka.
Pagalasi adamatapo dzina la nsomba ina.

"Ka lochi basi," adatero a Thackray,
"kadabwera m'bokosi la zinzake. Kamadya zotsala."
Ndidagula tonse tinayi.

Tsopano ndi Disembala.
Dzuwa limaweruka ine ndisanaweruke.
Kamodzi ndidakagoneka ndi mankhwala, sikadadzukenso.
Ntchito yathuyi imayamba ndi maliro,
ndipo wolira ndi yemwe wapha.

Pansi pa maikulosikopu, ndi nsonga ya singano,
ndikutambasula chipsepse cha pamsana
n'kuwerenga timinga take.
Mabuku onse akuti tisanu ndi titatu.
Ine ndikupeza tisanu ndi tinayi.

"Werenganso," akutero Gethin, osatembenuka n'komwe.
Ndawerenga kakhumi.
"Diso likafunitsa chinthu limachibala lokha."
Ndamusiyira mpando. Wawerama nthawi yaitali.
Tiyi wake wachita khungu pamwamba.
Kenako watukwana m'Chiwelishi, motsitsa,
ngati akupemphera.

Ekisire yaonetsa msana,
mikanda yoyera makumi anayi ndi iwiri.
Kunsi kwa diso kuli munga wobisika
wopinda ngati kampeni ka m'thumba,
koma nsonga zake ziwiri n'zofanana kutalika.
Mwa abale ake, palibe wotero.
Mawanga khumi ndi atatu m'nthiti,
lomaliza long'ambika pakati.

Ndiye fomu.
Banja, ndalemba.
Mtundu, ndalemba mokayika.
Kumene kadagwidwa:
cholembera chaima.
Nsomba yopanda mtsinje sitiipatsa dzina.

A Thackray adandipatsa nambala ya ku Manchester,
wa ku Manchester ya ku Singapore,
wa ku Singapore adaseka: kansomba ka zotsalako?
Masabata asanu ndi awiri ndikulondola mapazi
a chinthu chopanda mapazi.

Usiku wathawu, fili koloko, foni yalira.
Uthenga wa mawu. Mayi wina, kutali,
tambala akulira kumbuyo kwake, madzi akuyenda.
Waona chithunzi chija. Watchula liwu limodzi,
lalifupi, lothera m'mphuno,
kenako watchulanso pang'onopang'ono
monga amachitira ndi mwana.
Womasulira walemba kunsi kwake:
akuti ana amakagwira ndi dengu kuseri kwa sukulu,
akuti amayi awo ankakatchula chomwecho,
akufunsa ngati kwanuko kakudya.

Ndine ndani tsono, wotulukira?
Ndamvera uthengawo kasanu,
lilime langa likupunthwa pamalo omwewo
pomwe a kuno amapunthwa akamaitana Nankhoma.

M'mawa uno ndalemba liwulo ndi pensulo,
pakuti inki imasungunuka mu sipiriti,
ndaponya kapepalako m'botolo, pambali pa mwini wake.
Chilatini chidikire kaye, tikambirana ndi mayi aja.

Titatu totsala tili m'thanki pafupi ndi zenera.
Ndatiponyera nyongolotsi.
Kamodzi kasuzumira, kandiyeza ndi ndevu kudzera pagalasi,
kabwerera mumchenga.