Kabowo ka Singano

Bambo ankasoka pa Bembeke,
pakhonde la golosale ya a Kadzakumanja:
mayunifomu, zigamba za m'mawondo,
madilesi a ukwati kachewere akagulitsidwa.

Chaka chomwe ndinabwereza Sitandade 5
kabowo ka singano kanayamba kuwazemba.
Ankanyowetsa ulusi ndi malovu, kuupota,
n'kulasa pambali.
"Nkhungu ya lero," ankatero,
dzuwa likuswa mtengo.

Anaŵangozo ndiwo anayamba,
atatsika kudimba ndi masamba a chisoso.
Anawafikisa m'manja mpaka kubiriwira,
nati, "Iwe, gwira chikope."
Ndinagwira.
Dontho linagwa, bambo anakukuta mano,
misozi yobiriwira n'kutsikira m'khutu.
"Akamaluma ndiye kuti akugwira ntchito."

Kenaka mkaka wa m'mawere pa sipuni,
wopempha kwa alamu amene anali ndi khanda.
Madzi a mchere m'bandakucha.
Timibulu toyera ta munthu wa kutsidya kwa malire,
totsekemera ngati shuga, ta mtengo wa nkhuku ziwiri.
Pomaliza chigoba cha nkhono,
chowotcha, chopera, chouzirira ndi kabango
m'diso la kumanja.
Usiku umenewo sitinagone.
Chikopecho ndinagwiranso ndine.

Ku Nkhoma namwino anafunsa,
"Munathiramo chiyani?"
Bambo anayang'ana kumene kunkachokera mawu.
Ine ndinawerenga ndi zala,
dzanja limodzi n'kutha.
La kumanzere, akuti ng'ala, tichotsa Lachinayi.
La kumanja sanatchule dzina,
anangozimitsa tochi.

Atamatula bandeji
anaona mapayini, mtengo uliwonse pawokha,
naona kuti malaya amene ndinavala
anawasoka thumba lopendekeka.
Anaseka mpaka kutsokomola.

Anaŵangozo sitinadane nawo.
Ndiwo anandichiza chipere,
ndiwo anasambitsa mayi tsiku lomaliza.
Sabata yatha anabwera ndi chitenje chofuna kupinda,
nalonjera mzati m'malo mwa bambo.
Bambo anawayang'anitsitsa ndi diso lawo limodzilo,
naona kamtambo kaja, kamene akukadziwa bwino,
katakhala pa mwanadiso.

"Lachiwiri kuli galimoto," anatero.
"Ine? Ndi utsi chabe wa kukhitchini."
"Nanenso inali nkhungu."

Makina anapitiriza kulira.
Ulusi utaduka sanandiitane;
anatembenuza mutu ngati nkhuku yoona kabawi,
nalasa kamodzi.