Lamulo la Mzinga Wotentha

Lamlungu lililonse, kuseri kwa galaja ku Turffontein,
timagoneka chitseko chakale pa makireti awiri.
Sungeni anachipaka utoto wakuda,
nyenyezi anadontheza ndi nsonga ya machesi.
Thambo lathu ndi limenelo.
Zombo zathu n'zazing'ono ngati chala cha mwana,
china chinathyoka phiko, tinachimata ndi guluu.

Vuto ndi mzinga wa kuwala wa Bizwick.
Buku lomwe linabwera ndi masewerawa limati
aponye madayisi asanu, mdani atalikire bwanji,
ndipo masabata asanu ndi awiri otsatizana
zombo zanga zapsa zisanakhote n'komwe.
Anusa anati, "Awa si masewera, ndi maliro.
Ine ndimalipira thekisi kudzaikidwa m'manda?"

Bizwick amalondera usiku ku Sandton.
Anati, "Pomwe ndimapambana ndi pano pokha,
ndiye mufuna mundilande?"
Tonse zii. Panja galu wa eni nyumba anakoka tcheni.

Kope la malamulo limasungidwa ndi ine,
chikuto chake chili ndi chipsera cha kapu ya tiyi.
Ndinalemba: madayisi atatu okha.
Tinayesa. Mzinga unasanduka tochi,
kumangowalitsira adani njira.
Ndinafufuta.
Ndinalemba: asanu, koma pafupi pokha.
Anusa anasolola tepi yake yosokera
nayeza mainchesi khumi ndi awiri pathambo
ngati akuyeza chiuno cha mkwati.
Apo mizinga yake youluka, yosaka yokha mdani,
inayamba kudya aliyense asanayandikire.
Chilombo tsopano chinali iye.
Ukapondereza uku kumatukuka uko,
ngati matiresi a m'chipinda changa.

Magetsi anathima cha m'ma sikisi.
Tinapitiriza ndi kandulo.
Anazipeza ndi Sungeni, akuuzira chala
chomwe chinapsa ndi phula:
"Chinthu chowomba choncho chiyenera kutentha.
Chiwombe asanu akewo, osachotsapo,
koma chikawomba chipume ulendo umodzi, chizizire.
Mizinga ya Anusa ikhale inayi, ikatha yatha."

Ndinalemba pang'onopang'ono.
Mumzinda uno malamulo amatipeza atalembedwa kale,
pa chidindo, pa pepala lomwe likutha mu Juni,
pa khomo la ofesi lotsekedwa iwe uli pamzere.
Ili lokha tinafunsana,
anthu anayi, manja m'mwamba.
La Bizwick linakwera pomaliza, n'kulekeza paphewa.

Anawomba. Chombo changa chachikulu chinang'ambika pakati.
Kenako mzinga wake unati duu, ukuzizira,
ndipo kachombo ka Sungeni, kothyoka phiko kaja,
kanazembera kuseri kwa mwezi wathu,
chivindikiro cha botolo la mayonezi,
n'kumubaya kumsana.

Bizwick anayang'ana thambo nthawi yaitali.
Anatola zombo zake n'kuziika m'sokosi, chimodzichimodzi,
yunifolomu ili kale paphewa.
Pakhomo anacheuka:
"Ulendo wathunthu wachuluka. Theka."
"Theka la ulendo kulibe," ndinatero.
"Ulipeze. Kope uli nalo ndiwe."

Ndiye ndili pano, Lachitatu usiku,
pensulo kukhutu, madayisi pabulangete
kuti asadzutse wa chipinda chinacho,
ndikuwerengera kutentha kwa mfuti yomwe kulibe,
ndikusaka theka la ulendo
kuti Lamlungu mipando inayi idzadzaze.