Dambo la Kuseri kwa Fakitale

Ndimaweruka sikisi koloko m'mawa,
jekete yaulonda ikununkha utsi wa mbaula.
Anzanga amathamangira matakisi a ku Soweto,
ine ndimayamba ndazungulira kuseri kwa fensi
kumene madzi a Klip amasochera m'bango.

Madzi ake ngofiirira ngati tiyi wogonetsa.
Amachokera pansi pa milu ya mchenga wa migodi,
ndipo m'mbali mwake dothi latuwa mbuu.
Ndinalawapo kamodzi ndi nsonga ya chala:
mchere.
Ndinaseka ndekha. Chilwa wanditsata mpaka ku Joni.

Kakowa waima pa tayala lomira theka,
mwendo umodzi m'mapiko chifukwa cha chisanu cha Julaye.
Nantchengwa akukoka pepala la pulasitiki,
ati akamangire nyumba yoposa yanga ya malata.
Kenako a chipweyo, khumi ndi awiri,
akuimba mluzu womwe uja wa ku Kachulu,
osasintha ngakhale liwu limodzi
kuti amveke ngati a kuno.

Ine ndi Twaibu tinkawatchera amenewa.
Tinkagona pa chimbowera pakati pa njedza,
ulusi wa makhwekhwe utatitema m'zala,
m'mawa n'kupalasa bwato kulowera ku Chisi
nadititi makumi atatu ali mulu kumapazi.
Chaka chomwe nyanja inaphwa
tinayenda wapansi pomwe tinkaponya maukonde,
matope atang'aluka ngati zidendene.
Twaibu anatsala. Ine ndinagulitsa bwato, n'kukwera basi.

Lero zala zimandiyabwabe.
Ndimadziwa njira imene nadititi amadzera m'bango,
ndikanatha kumugwira ndi chingwe cha nsapato.
Koma ndimangoima, manja m'thumba,
pomwe muli chiphaso chotha masiku.

Dzana katumbu anatulutsa mutu pafupi ndi paipi,
nkhanu ili kukamwa,
n'kundiyang'ana ngati wapolisi wa pa Beitbridge.
Ndinamupatsa moni m'Chichewa. Anamira.

Nkosana wa pa geti yachiwiri amati ndazungulira mutu:
"Kuli chiyani kumatopeko, Malawi?"
Ndimuuze bwanji kuti abakhawa
sanafunsidwe pasipoti ndi munthu,
kuti amatera paliponse pamene madzi avomera,
angakhale madzi odwala ngati awa?

Sitima ya ku Lenasia ikudutsa pa mlatho.
A chipweyo adzuka onse pamodzi, phaa,
azungulira kawiri pamwamba pa nthambo zamagetsi
n'kubwerera pomwe paja.
Foni yalira m'thumba: Twaibu.
Akuti madzi abwerera mpaka pa doko,
akufunsa ngati ndingatumizeko ya ukonde.