Tsamba Lomaliza

Malume Fakisoni ankalondera geti ku Eliya 10,
zida zawo chibonga ndi wezulo ya dzimbiri.
M'thumba la jasi munkagona kabuku ka zithunzi
kotola pa Malangalanga, pansi pa mulu wa kaunjika,
kachikasu ngati mano a wosuta chingambwe.

Munali mkulu wa chipewa chotambalala,
wosakidwa m'matauni asanu ndi awiri,
mfuti m'chiuno, hatchi yowonda,
fumbi lake ngati la kwa Mgona mu Okutobala.
Chingerezi malume ankachilumpha ngati zithaphwi.
Ankawerenga maso, zala, utsi.

Tsamba lomaliza panalibe.
Wina anakulungira mtedza.

Usiku umene anabwera anyamata a zikwanje
wezulo sinalire.
Malume anagona chafufumimba m'maluwa a bwana,
kabuku pachifuwa, mame akukanyowetsa.
Kutacha, ntchito inatha.

Lero amasoka nsapato pa Mchesi.
Ndikawafunsa kuti wachipewa uja
akanatani usiku umenewo,
amaluma ulusi, nalavula:
"Ameneyo anamujambula ndi zipolopolo zosatha, mphwanga.
Ine anandijambula ndi ana anayi."