Galamu Yosowa

Ndinazipeza mu sokosi ya khaki
pansi pa sutikesi ya bambo,
patatha mwezi chiwaikireni m'manda:
mahafukoloni asanu ndi anayi, masheleni angapo, tiki imodzi,
zonse zoterera ngati sopo wotsala pang'ono kutha.

Sadaka inali itayandikira.
Mpunga panalibe, mbuzi inali ya ngongole.
Ndinakwera kabaza kwa Mpondasi,
sokosi ikundimenya ntchafu pa bampu iliyonse.

Che Wadi amakhala kuseri kwa msika,
pakati pa wokhoma ndowa ndi mnyamata wokonza mafoni.
Amasula mphete za akwati.
Za maliro sanafunse.
Anayala kansalu, natulutsa kabotolo ka asidi
ndi kasikelo kokwana m'thumba la malaya.

Anagwetsa imodzi pa simenti.
Inalira ngwiii, kulira kotalika,
mpaka wokhoma ndowa anaimitsa hamala.
"Siliva ameneyo."
Anagwetsa ina, yowala kuposa zinzake.
Inangoti khwa.
"Ichi n'chitsulo chovala suti. Bwererani nacho."

Ndinati, "Taonani mfumuyo, Che Wadi,
ndalama izi n'zakale, nkhondo ya Ajeremani isanathe."
Anati, "Mfumu yake iti?"
Ndinayang'anitsitsa.
Mphuno inaphwa, chisoti chinafufutika,
pangotsala dazi la munthu
amene ngakhale mayi ake sangamuloze.
"Ine sindigula mfumu, sindigula chaka.
Moto sudziwa kuwerenga, achimwene.
Ndimagula kulemera."

Kasikelo kanaphethira manambala ofiira.
"Hafukoloni ikamachoka kwa osula
inkalemera magalamu khumi ndi anayi.
Yanuyi ndi khumi ndi atatu.
Ndilipira zimene zilipo."

Nanga galamu inayo ili kuti?

Ndinafuna kumuuza, koma anali atayamba kale kuwonkhetsa.
Ili m'zikhatho za anthu owoloka Shire pa pantoni
mlatho usanamangidwe,
bambo akukoka chingwe, thukuta likulowa m'maso.
Ili pa tebulo la kalaliki wa msonkho,
pa kauntala ya mmwenye wogulitsa biliwita,
mu mpango wa mayi wogulitsa zitumbuwa
amene ankaluma ndalama asanabweze chenji.
Yochuluka ili pa chala chachikulu cha bambo.
Ankasisita ndalama m'thumba akasowa chonena:
pa khonde la chipatala usiku umene ndinabadwa,
pa depoti tsiku limene Jafali ananyamuka wa ku Joni,
ndi zaka zonse zimene Jafali sanalembe kalata.
Kwacha itabwera, anzawo anathamangira ku banki.
Iwo ayi. Sindinawafunsepo chifukwa.

Tiki ili ndi chiboo.
Ndinkaivala m'khosi pomera mano,
atero azakhali Abiti Mdala.
Che Wadi anaikweza kudzuwa, natseka diso limodzi.
"Chiboo sichilemera," anatero,
naiponya pamulu.

Tinakangana pang'ono, monga mwa mwambo.
Anawonjezera ya kabaza.
Anawerenga mapepala atsopano, onunkhira banki,
amene chaka chamawa sadzagulanso zimene agula lero,
ndipo ukawaponya pamoto
sutolapo ngakhale galamu.

Sindinadikire kuti ndione mvukuto.
Akuti siliva akasungunuka amatuwa kaye,
kenaka n'kuwala ngati diso la mwana,
litsiro lonse la m'manja mwa anthu
n'kuyandama pamwamba, n'kuwawulidwa ndi kasupuni.

Mpunga unakwana ndowa zitatu.
Anthu anadya, mashehe anawerenga, mbale zinatsukidwa.
Mwezi wamawa mtsikana wina wa ku Namwera
adzatambasula chala,
osadziwa kuti wavala mtsinje wonse wa anthu owoloka.

Chitsulo chovala suti chija ndili nacho.
Sichigula ngakhale machesi.
Dzulo, pamzere wa ku chipatala,
ndinadzidzimuka dzanja lili m'thumba,
chala chachikulu chikuzungulira pankhope pa mfumu.
Mphuno yake ikadali yakuthwa.