Pepala la Zitumbuwa

Zitumbuwa za pa Kapata anazikulunga m'pepala
long'ambidwa m'buku la sukulu,
ndipo pansi pa mafuta panali munthu wamwala,
wamaliseche, mkono umodzi wothyoka,
khosi lopotoka ngati wina wamuitana kumbuyo.

Ndinawawerengera amalume a Chulu
atakhala pa tayala, fumbi lili mbuu m'nsidze.
Agiriki akale, linatero pepala,
ankasema thupi mpaka mtsempha wa paphazi,
ndipo mayina a osemawo akuphunzitsidwa mpaka lero,
ngakhale zambiri za manja awo zinatha kalekale:
zamkuwa anthu anasungunula,
zomwe timaonazi ndi za ena otengera.

Amalume anayamba ameza kaye.
"Ndiye kuti dzina lilipo, ntchito palibe?"
Ndinati inde.
"Kuno ntchito ilipo, dzina palibe.
Tikanakumana, tikanakwana munthu mmodzi."

Zaka makumi atatu ndi ziwiri
akugoba mayina a ena pa miyala ya manda
kuseri kwa galaja, m'mbali mwa msewu wa ku Lundazi.
Velesi Njobvu, anabadwa, anagona.
Yotamu Soko, anabadwa, anagona.
Kamwana ka miyezi inayi
komwe mayi ake analipira mwala ndi ndalama za tomato
kuyambira dzinja mpaka dzinja linzake.
Nkhunda ya pamwamba pake anaisema ulere,
masiku asanu ndi anayi,
nthenga iliyonse payokha,
mpaka chala chawo chachikulu chinatupa ngati mbatata.
Opita kumanda amalozerana: onani nkhunda ya mwana wa a Daka.
Palibe amati ya a Chulu.

Ndinati bwanji osalemba pakona, tizilembo tiwiri?
Anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.
"Mwala wa manda umasenza dzina limodzi.
Wachiwiriyo akudzisungira malo."

Kenaka anatenga pepala lija,
nalipendeketsa kudzuwa kuti mafuta asaphimbe.
Nkhope sanaisamale.
Anakakamira pa bondo.
"Uyu waima ndi mwendo umodzi, winawo ukupuma.
Amaima chonchi munthu wakhala pamzere kuyambira m'mawa
ndi matumba ake a chimanga.
Wosemayu anamuyang'ana wina masiku ambiri.
Nanga amene ankaimayo, buku lamutchula?
Amene anaphwanya mwalawu kuphiri?
Amene ankabwera ndi madzi?"
Ndinafufuza mbali zonse ziwiri.
Kuseri kunali mafunso a mayeso basi.

Njinga zinkadutsa zitanyamula anthu ndi makala,
mthunzi wa Kanjala unayamba kutsika,
kasitomala anabwera kudzakangana za chilembo
chomwe iye mwini analemba molakwa pa kapepala.
Pepala la Mgiriki amalume analipinda kanayi
naliika m'chitini cha matchizulo.

Sabata yonse ankatsala ine ndikaweruka.
Loweruka ndinachipeza pansi pa benchi,
pa chibenthu chomwe tinati n'chotaya:
phazi limodzi, lamanzere,
chidendene chong'aluka ming'alu itatu,
chala chachiwiri chokwera pa chinzake,
chikhadabo chija chinazulidwa ndi tcheni cha njinga
chaka chomwe ine ndinabadwa.
Panalibe dzina.
Aliyense wa pabanja pathu akanalidziwa mumdima.

Lero limagwira chitseko cha shedi kuti mphepo isamenyetse.
Sadzalifukula munthu, sadzaliika m'galasi,
ana a ku Ulaya sadzalemba mayeso za ilo.
Komabe tsiku lina iwo atapita kukagula simenti
ndinalitembenuza,
ndi msomali ndinakanda kunsi kwake: G. C.

Analiona Lolemba, posesa.
Anakhala chigwadire nthawi yaitali, tsache lili m'manja.
Ndinadikira mkwiyo.
Analibwezera pachitseko, zilembo pansi,
napukuta manja pa ovolosi.
"G wako wapendama," anatero.
"Tenga tchizulo, ndikuonetse."